Juzi ya Mkono Wofiira

Perpetua anali kupuntha nandolo pabwalo pamene mchimwene wake Samuel anatulukira akukankha njinga. Panali potsetsereka koma sanaikwere, ndipo atafika sanaitsamiritse pamtengo wa mango monga ankachitira masiku onse. Anangoima nayo.

"Achemwali, tasiyani kaye zimenezo."

"Lankhulani, achimwene. Makutu sakupuntha nawo."

"Kumunsi uko, kudimba kwa a Makina, apeza munthu. Amakumba chitsime mumchenga." Samuel anayang'ana chiwongolero cha njinga yake. "Mafupa okhaokha. Koma ali mu juzi."

Perpetua anaika mtengo wopunthira pansi.

"Yotani?"

"Yobiriwira. Ya mapiri pachifuwa."

"Mkono?"

"Wamanzere ndi wofiira kumapeto. A zaumoyo ati mubwere mudzaone. Aitanitsanso Aliness."

Perpetua sanafunse kuti Aliness wa chiyani. Ankadziwa.

Juzi yoyamba ya mapiri analuka ndi Perpetua yemweyo. Mwamuna wake, Lingson, anali wa kabaza, ndipo m'miyezi ya chiperoni ankabwera kunyumba mano akugundana. Perpetua anagula ulusi wa nayiloni pamsika, Lingson n'kumusongolera masipoko awiri a njinga pamwala kuti azilukira. Panalibe buku kapena chithunzi choonera. Ankakhala pakhonde, n'kumaluka chimene maso ake ankaona: phiri la Mulanje mbali iyi, Michesi mbali inayo, pakati mpata umene umapita ku Fort Lister. Mapiriwo anawaluka ndi ulusi wachikasu. Nsonga ya Michesi inapindika pang'ono chifukwa tsiku limenelo mbuzi zinalowa m'chinangwa, iye n'kusokoneza powerenga.

Atatsala pang'ono kumaliza mkono wamanzere, ulusi wobiriwira unatha. Pamsika unali utathanso. Perpetua anatsegula sutikesi, n'kutulutsa kachipewa kofiira ka Tikondwe, mwana wawo woyamba, amene anamwalira asanayambe kuyenda. Anakamasula, n'kumalizira mkonowo.

Lingson atavala anayang'ana mkonowo nthawi yaitali. Sanafunse kumene ulusi wofiira unachokera.

"Ndiye kuti azindigwira dzanja," anatero.

Kenako anayamba kudzikanda.

"Amake Leah, kunjaku ndi tala, koma mkatimu ndi msewu wa kwathu kuno. Mabampu okhaokha."

Ankanena mfundo. Paliponse pamene Perpetua ankasintha ulusi ankamanga mfundo kawiri, n'kusiya timichira kuti isamasuke. Kuseri kwa mapiri aja mfundozo zinali mbwee.

"Ngati ikuluma, vulani. Ndikapatsa achimwene."

"Ayi, ndizolowera. Inunso mumaluma, koma ndinazolowera."

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala Aliness. Anachokera kugombe la Chilwa, mwana wa msodzi, ndipo anabwera chitengwa atakwatiwa ndi Eneya, mnzake wa Lingson pa kabaza. Anali mkazi wofatsa, wosadziwa kukana munthu moto kapena mchere. Vuto lake linali limodzi: maso ake ankakhala kwa Perpetua. Perpetua akazira khonde ndi dothi lakuda n'kulemba mzere woyera m'mphepete, la Aliness linkada mawa lake, mzere woyera uli pomwepo. Akadzala maluwa m'tayala lakale, kuseri kwa mpanda kunkamera tayala. Ngakhale kakhosomole kamene Perpetua ankayambira pemphero la amayi, Aliness anakatenga, moti pa Lachinayi anthu ankamva kukhosomola kumodzi kawiri.

Juzi itatuluka, Aliness anabwera kudzaibwereka.

"Ndingoiona bwinobwino, achemwali. Mawa ndibweza."

"Ili ndi mwini wake," anatero Perpetua.

Aliness sanakwiye. Ankangodikira tsiku lochapa. Perpetua sankayanika juziyo pachingwe poopa kuti ingatamuke. Ankaiyala pathandala, mapiri akuyang'ana kumwamba. Aliness ankabwera ndi nkhani za mitengo ya sopo, n'kuima pafupi ndi thandala, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. Ankawerenga.

Chiperoni chotsatira Eneya anatulukira pa siteji ya kabaza atavala mapiri. Nsonga ya Michesi inali yopindika. Mkono wamanzere unali wofiira.

Akazi ena anaonera kwa Eneya, enanso kwa amene anaonera kwa Eneya. Pasanapite nthawi alendo otsika pa siteji ankayesa ndi yunifolomu. Mphunzitsi wina watsopano anauzidwa kuti akafika afunse wa juzi ya mapiri, ndi munthu wokhulupirika. Atafunsa, anaimirira amuna anayi.

Perpetua anapirira mapiri. Mapiri ndi a aliyense, aliyense amawaona akadzuka. Chimene chinamukhala pakhosi ndi mkono uja. Tsiku lina pamjigo anamufunsa Aliness anthu akumva.

"Iwe Aliness, mkono wofiira uja umatanthauza chiyani?"

"Ndi sitayilo, achemwali," anayankha Aliness akumwetulira ndi mtima wonse. "Munaiganiza bwino zedi. Wina aliyense akanangomaliza ndi wobiriwira."

Perpetua anasenza ndowa yake osadzaza. Kunyumba anaika masipoko aja pansi pa sutikesi, ndipo sanalukenso.

"Akutengera chifukwa n'chabwino," anatero Lingson.

"Ubwino wake unali woti n'chanu nokha. Tsopano mwana wanga akugwira dzanja mudzi wonse."

Lingson anapisa dzanja m'khosi mwa juzi n'kudzikanda.

"Ine yanga ndimaidziwa," anatero. "Imaluma."

Chaka cha namondwe wa Freddy mvula inagwa osapuma, mpaka nkhuku zinaleka kutsika pamtengo. M'mawa wina Lingson ndi Eneya anaperekeza akazi awo ndi ana kutchalitchi, pamtunda, kenako anabwerera kumunsi kukanyamula nkhalamba ina yosaona imene inkakhala pafupi ndi mtsinje. Kunkazizira. Onse awiri anavala mapiri. Amene anali kutchalitchi anamva phokoso ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi, ndipo amene anaona napolo wakale anayamba kulira asanatuluke n'komwe panja. Madzi ataphwa, pamene panali nyumba za kumunsi panali mchenga ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe. Ena anapezeka. Lingson ndi Eneya sanapezeke.

Mwambo ulipo wa munthu amene mtembo wake wasowa. Amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda ngati munthu, kuti maliro athe, anthu amete, wamasiye asudzulidwe. Abale a Eneya anachita zimenezo masabata angapo atapita. Aliness analira, anameta, ndipo pofika nthawi yokolola nandolo tsitsi linali litameranso.

Perpetua anakana.

"Lingson si nthochi," anauza Samuel, amene anali nkhoswe yake. Anauzanso chimodzimodzi abale a Lingson atabwera kachiwiri ndi kachitatu. Choncho anakhala ndi tsitsi lake, wosakhala mkazi wa munthu, wosakhala wamasiye, ndipo mwana wake Leah akafunsa kuti manda a bambo ali kuti, ankamutuma kukatunga madzi. Chimenechi chokha Aliness sanatengere.

Tsopano Perpetua anamanga chitenje china, n'kutsatira Samuel. Njira ya kumunsi inkadutsa pamene kale panali minda. Panali pamchenga woyera wotentha kumapazi, ndipo apa ndi apo anthu anali atabzala mbatata pakati pa miyala. Samuel ankalankhula osacheuka.

"Zikakhala kuti ndi alamu, mawa lomwe adzukulu akumba. Ndalankhula kale ndi kwawo."

"Sitinaone n'komwe."

"Ndikungonena, achemwali. Mwavutika mokwana."

Kudimba kwa a Makina anthu anali ataima patali, mozungulira mtengo wa mkuyu umene madzi anausiya utapendekeka. Pansi pake panali chinthu chaching'ono chofunditsidwa nsalu. Pambali, papulasitiki wakuda, panali juzi. Anali ataitsuka ndi mankhwala, ndipo inali isanaume. Thonje likanaola kalekale, koma nayiloni saola. Mapiri anali pomwepo, achikasu chothimbirira.

Amene ankayang'anira anali a Sitima, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Ntchisi, munthu amene chaka chimenecho anaona zambiri kuposa zimene anaphunzira. Anavula chipewa polankhula.

"Mayi, pepani. Ndikuuzeni mosabisa. Zimene tapeza n'zochepa, sizingatiuze kuti ndi ndani. Zoyezera mafupa kuno tilibe. Ndafunsa, ndipo akuti mwa amuna amene anasowa, ovala juzi yotere anali awiri. Ngati mmodzi wa inu aizindikira, munthuyu apita kwawo. Ngati ayi, tikamuika kuja tinaika osadziwika."

Aliness anali atafika kale. Anakhala pansi chapatali, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo. Ataona Perpetua anadzuka n'kusendera, koma anaima kumbuyo kwake pang'ono, monga ankaimira pathandala.

"Tiyambe ndi msinkhu," anatero a Sitima. "Amuna anu anali otani?"

"Ankabwerekana malaya," anayankha Samuel.

"Chizindikiro china? Pena pamene panalakwika poluka?"

"Nsonga ya Michesi," anatero Perpetua. "Ndi yopindika."

A Sitima anawerama, n'kuona kuti ndi yopindikadi. Nkhope yawo inamasuka. Kenako anayang'ana Aliness.

"Yanganso," ananong'ona Aliness.

"Munalakwitsanso pomwepo?"

"Sindinadziwe kuti n'kulakwitsa."

"Nanga mkonowu? Ulusi wofiirawu?"

"Yanganso."

"Chigamba? Pong'ambika? Popsa ndi moto?"

Akazi onse awiri anapukusa mutu. A Sitima anapuma mozama, n'kubwezera chipewa kumutu.

Pamenepo Aliness anakhosomola kakhosomole kaja, ndipo analankhula mokweza kuti onse amve.

"Ndi ya achemwali. Juzi imeneyi mwini wake ndi iwowa, ine ndinangoonera. Ine ndinaika kale maliro, ndili ndi pokalira. Iwowa alibe. Apatseni."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Zinali zomveka. Manda a Eneya analipo kale, ndipo palibe amene ankafuna kufunsa akuluakulu kuti munthu wa manda awiri amatani. Mayi wina anati Mulungu wamva kulira kwa Perpetua. Samuel anasendera kukhutu kwa mlongo wake.

"Ingovomerani, achemwali. Mwini wake wanena yekha."

"Ndiigwire kaye," anatero Perpetua.

A Sitima anamupatsa magolovesi. Anavala, n'kugwada papulasitiki. Anasisita Mulanje, anasisita mpata, anasisita Michesi. Anagwira mkono wofiira, n'kuufinya pang'ono, madzi n'kudontha. Ulusi wa kachipewa ka Tikondwe ndi ulusi wogula pamsika, zikagona miyezi m'matope, zimafanana. Kenako anavula golovesi lakumanja.

"Mayi, musavule—"

Anali atapisa kale dzanja m'khosi mwa juzi, monga ankapisira Lingson.

Zala zake zinayenda kuseri kwa mapiri, kuchokera kuphewa kufika kuphewa. Zinabwerera. Zinatsikira m'mkono wamanzere mpaka pamene wobiriwira umathera. Munali mosalala ngati m'kati mwa chikho.

Anaitembenuza juziyo. Panalibe mfundo ngakhale imodzi. Paliponse pamene mtundu umasintha, ulusi wina unkalowa mwa unzake, wopotedwa bwino, moti sukanaloza pamene wina wathera. Perpetua anali asanaonepo ntchito yotero. Anaiyang'ana ndi maso a munthu woluka, ndipo kwa kanthawi kochepa, asanakumbuke chimene ikutanthauza, anaisirira.

Anakweza maso. Samuel ankayang'ana iye. A Sitima ankayang'ana iye. Aliness ankayang'ana juzi yotembenuzidwayo, ntchito ya manja ake ili poyera, ndipo nkhope yake sinasinthe. Sanaone chachilendo. Iye ankadziwa mkati mwa juzi imodzi yokha, ndipo ankayesa kuti zonse zimakhala choncho.

Pa anthu onse amene anaima pansi pa mkuyu uja, wodziwa anali mmodzi. Akanangogwedeza mutu, mawa adzukulu akanakumba. Leah akanakhala ndi malo oti aziwalozera anzake. Abale a Lingson akanamumeta, n'kumumasula, ndipo palibe akanamunena, ngakhale Aliness amene. Perpetua anaona mandawo m'maganizo mwake: mtanda wolembedwa dzina la Lingson, iye akuzula udzu chaka ndi chaka, akuuza Eneya nkhani za m'nyumba mwake. Kunja Lingson, mkati wina. Anali atakhala zaka akudana ndi zinthu zotero.

"Aliness," anaitana. "Tabwera. Gwada apa."

Aliness anagwada.

"Ulusi ukatha, kapena ukafuna kusintha mtundu, umatani?"

"Ndimapota, achemwali. Monga mumachitira inu."

"Unandiona liti ndikupota?"

Aliness anaganiza. "Sindinakuoneni. Mkati simunandionetsepo. Ndiye ndinangochita mmene bambo anga ankalumikizira chingwe cha ukonde. Umamasula nsonga zonse ziwiri, n'kuzilowetsana, n'kupota pantchafu ndi malovu. Ankati mfundo imakola zinyalala." Anayang'ana Perpetua mwamantha. "Ndinalakwitsa?"

"Ine ndimamanga mfundo."

"Inu?"

"Kawiri. N'kusiya michira."

"Mfundo, achemwali? Inuyo?" Aliness anafunsa ngati wamva kuti abusa amaba nkhuku.

"Zikuluzikulu ngati nthudza. Lingson ankadzikanda mpaka kutchalitchi. Sunkamuona?"

"Ndinkayesa ndi nsabwe."

Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga.

Perpetua anagwira dzanja la Aliness, n'kuliika kuseri kwa Michesi, n'kuliyendetsa pang'onopang'ono pamene chikasu chimalowa m'chobiriwira.

"Kunjaku n'kwanga, usakane. Unanditengera mpaka zolakwa. Koma kuno sunandione, ndiye unaluka wekha. Awa ndi manja ako. Ine zotere sindingathe. Uyu ndi Eneya."

Dzanja la Aliness linakhala pomwepo. Zala zake zinayamba kuyenda zokha, kufunafuna malo amene zinkawadziwa: apa pamene ulusi unathera tsiku la msika, apa pamene anapota kawiri chifukwa unali wowonda. Kenako anatembenukira ku kanthu kofunditsidwa nsalu kaja. Kulira kumene analira sikunali kwa pamaliro a nthochi paja, kumene anayamba amayi ena atayamba. Kunatuluka kokhakokha, kosakongola, m'chilankhulo cha kwawo kunyanja, ndipo amayi anathamanga kudzamugwira.

Perpetua anadzuka, mawondo atanyowa. Samuel anamukokera pambali.

"Achemwali, mukudziwa chimene mwachita? Anakupatsani ndi manja awiri."

"Anandipatsa mwamuna wake, achimwene. Ndikanapita naye kuti?"

"Nanga mukadzapanda kuwapeza alamu mpaka kale?"

Perpetua anapita kwa a Sitima, amene anamutsanulira madzi a mankhwala kuti asambe m'manja.

"Bambo, anthu akumbabe zitsime muno. Mukadzapeza ina yotere, kaya ndi liti, musadzavutike ndi mapiri. Mudzapise dzanja mkati. Ikadzakulumani, mudzanditumizire uthenga."

"Ndamva, mayi," anatero a Sitima. "Ndikadzasamutsidwa, ndidzamuuza wobwerayo."

Eneya anaikidwa mawa lake, m'bokosi laling'ono, atavala juzi yake. Akuluakulu anakambirana nthawi yaitali za nthochi ija, ndipo pomaliza anagwirizana kuti isafukulidwe, poti inagwira ntchito yake mokhulupirika. Anakumba pambali pake. Perpetua anakhala m'nyumba ya siwa pafupi ndi Aliness, ndipo nyimbo itatha amayi n'kumupempha kuti apemphere, anayamba osakhosomola.

Patapita sabata anaitana Samuel.

"Mukawauze kwawo kwa Lingson kuti ndavomera. Adule nthochi."

Samuel anamuyang'anitsitsa. "Mwasintha bwanji?"

"Ndinkaopa kuti wasowa ngati mchere m'madzi. Tsopano ndaona kuti juzi siola. Ali penapake pansi pa mchengawu, wavala yake, ndipo aliyense womupeza adzadziwa kuti ndi iye. Leah asadikire zimenezo." Anatsegula sutikesi n'kutulutsa masipoko aja, atachita dzimbiri. "Koma andidikire. Sapita wamaliseche."

Anawakwecha ndi mchenga mpaka anawala. Anagulitsa nandolo pang'ono, n'kupita yekha kumsika, ulusi n'kubwera nawo m'thumba lakuda. Sanakhale pakhonde. Ankaluka m'nyumba, chitseko chotseka, pa kuwala kwa pawindo. Amayi a m'mudzi ankadutsa n'kumafunsana kuti kaya ndi mapiri kachiwiri, kaya ndi nyanja, kaya ndi njinga. Leah atafunsidwa pamjigo anati amayi amuuza kuti aziyang'ana kukhoma.

Aliness ankabwera masana aliwonse ndi ndowa ya madzi, chifukwa woluka satunga. Ankaodira ali patali. Tsiku lina mphepo inakankha chitseko iye ali pakhomo penipeni, ndowa ili pamutu, Perpetua ali pamphasa, ntchito yonse ili pamiyendo. Aliness anatembenuka msangamsanga mpaka madzi anamukhavukira kumsana. Anatula ndowa chafutambuyo, n'kuima akuyang'ana kumpanda.

"Sindinaone, achemwali."

"Ndakuona kuti sunaone. Tseka."

Aliness anafufuza chitseko ndi dzanja, osacheuka, n'kuchikoka.

Tsiku la maliro abale a Lingson anabweretsa thunthu la nthochi lofanana naye msinkhu. Perpetua anapempha kuti amusiye nalo yekha m'chipinda. Atatsegula chitseko linali litakulungidwa kale m'nsalu yoyera, yomangidwa kumutu ndi kumiyendo. Amene ananyamula anati mkati munkamveka chinthu chofewa. Mtundu wake palibe anauona, ndipo dothi litatsekera panalibenso woti n'kuuona.

Pobwerera kumanda anthu anayenda mumzere, amuna patsogolo. Mlongo wake wa Lingson anali atakonza kale lezala ndi madzi pansi pa mango. Aliness anayenda pambali pa Perpetua, osati kumbuyo. Anali atafunda shawelo imene anailuka masabata amenewo, ya buluu yokhayokha, yokhala ndi timabowo ngati ukonde. Perpetua anaiyang'ana kawiri. Sanaionepo kwa wina aliyense.

Atayandikira kunyumba, Aliness anafunsa motsitsa mawu.

"Achemwali, sindikufunsa mtundu. Chimodzi chokha. Mfundo zilimo?"

"Zilimo," anatero Perpetua. "Zambiri."

Anakhala pamphasa pansi pa mango, anamasula duku, n'kuweramitsa mutu.